Kodi Nkoyenera Kuti Boma Lilowe Pakati pa Bwana ndi Wanchito Wache?

Tsiku lina, nyengo ya masika, anthu ali m'chigafa alikusankha fodya, ndinamva akulu awiri alikutsutsana kolimba. Woyamba anali mlimi wa munda waukulu, amene chaka ndi chaka amalemba anthu omlimira. Winayo anali nkhalamba imene inathera unyamata wache m'migodi ya ku Joni. Mlimiyo anati, "Munda ngwanga, mbeu nzanga, feteleza ndinagula ndi ndalama zanga. Munthu akafika pakhomo panga kudzapempha nchito, ndipo tapangana malipiro, iye wabvomera, inenso ndabvomera, Boma lilowererapo chifukwa ninji? Kodi ndinachita kumkoka ndi chingwe?" Nkhalamba ija inayamba yakhala chete, kenaka inati, "Inu simunamkoke ai, achimwene. Inamkoka ndi njala, ndipo chingwe cha njala nchokhwima koposa luzi."

Anthu anaseka, nkhani nithera pomwepo. Koma mau ao sanandichoke mumtima. Pakuti funso ili si la akulu awiri aja okha: ndi la yense amene analembapo mnzache ganyu, ndi la yense amene anagwirapo khasu m'munda wa mwini. Tsono, abale owerenga, tiyeni tiuweruze mlandu uwu mofatsa, monga achitira akulu pabwalo, kumva mbali zonse ziwiri, osafulumira kugamula.

Pangano la munthu wanjala

Mau a mlimi uja ali ndi mphamvu, pakuti tonse tidziwa kuti pangano ndi chinthu cholemekezeka, ndipo wakuswa pangano sakhala ndi ulemu m'mudzi. Koma pangano loona ndi lija limene anthu onse awiri anali nayo mphamvu ya kukana. Taganizani za mwezi wa Januwale ndi wa Febuluwale, pamene m'nkhokwe mwatha, ndipo chimanga chatsopano chisanache. Munthu asiya munda wache uli m'thengo, napita kukapalira kwa mnzache, nalandira kambale ka gaga pa ndime yaikulu, malipiro amene nthawi ya masika akadangowaseka ndi kuchokapo. Munthu ndi yemweyo, khasu ndi lomwelo, thukuta ndi lomwelo. Chasintha ndi chimodzi chokha, ndicho chakuti ana alikulira kunyumba. Mwini munda akhoza kudikira mawa kapena mkucha, popeza ali nacho chakudya. Waganyu sangathe kudikira. Ndipo pamene wina akhoza kudikira, mnzache sangathe, kubvomera kwa wosauka sikulingana ndi kubvomera kwa wolemera.

Pa msika, wogulitsa akakhala ndi sikelo yonyenga, wogula nalipira osadziwa, sitinena kuti malonda ayenda bwino. Tinena kuti munthu waberedwa, ndipo tikondwera Boma likatuma anthu ache kudzayesa masikelo. Pabwalo, mfumu si mwini mbuzi imene anthu alikulimbirana, komatu palibe amene amafunsa kuti mfumu ilowererapo bwanji. Ufumu unaikidwira ichi chomwe, kuti wamphamvu asagamule yekha mlandu umene iye mwini ali nao mbali. Chomwecho Boma likaika malire a malipiro ndi a maora a nchito, silinalande munda wa munthu. Langoimika sikelo pakati pa anthu awiri osalingana mphamvu.

Za thangata

Ngati wina akayikabe, acheukire m'mbuyo, aone zimene zinachitika m'dziko lino pamene sikelo yotere panalibe. Mau akuti thangata poyamba anali mau okoma. Makolo athu anali kuthangatana: lero mudzi ulima kwa uyu, mawa kwa uyo, ndipo mwini munda aphika mowa kapena thobwa. Koma kuyambira chaka cha 1892, pamene Harry Johnston anayamba kupatsa Azungu makalata otsimikiza kuti malo akulu akulu a ku mapiri a Shire ngao, mau aja anatembenuka. Anthu okhala pa malowo, maka maka Alomwe amene anachokera ku dziko la Apwitikizi kuthawa nkhanza ndi njala, anauzidwa kuti alipire pokhala pao ndi nchito: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Ndipo miyezi iwiriyo inatalika m'manja mwa akapitao, pakuti tsiku silinali kulembedwa pa tikiti ngati munthu sanatsirize ndime yache. Kotero kuti pa minda ina anthu anagwira miyezi 5 kapena 6, ndipo inali miyezi ya dzinja, yomwe munthu afunika m'munda mwache.

Eni minda aja ananena mau omwewo amene ananena mlimi wa m'chigafa: malo ngathu, sitinaitane munthu, wosafuna achoke. Koma munthu wa ana, wopanda malo ena, akanapita kuti?

Boma la masiku amenewo silinali lopanda mlandu, pakuti ilo lomwe linali kuchepetsa msonkho kwa munthu amene anagwira mwezi umodzi kwa Mzungu, ndipo potero linakankhira anthu ku minda ija. Koma m'kati mwache munali ena amene anaona kuipa kwa zimenezi. M'chaka cha 1903 woweruza Nunan anagamula ku Blantyre kuti anthu amene anali pa malowo Azungu asanawatenge sayenera kulipira lendi. Koma chiweruzo chache sichinatsatidwe kweni kweni. Ndipo pa 23 Januwale 1915 John Chilembwe ndi anthu ache anauka, ndipo ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, woyang'anira wamkulu W. J. Livingstone anaphedwa. Bungwe limene Boma linaika kufufuza za nkhondoyo linapeza kuti anthu a pa mindayo anali kuchitidwa nkhanza zosemphana ndi lamulo. Chimene cholembera chinachedwa kukonza anthu anayesa kuchikonza ndi mkondo, ndipo mwazi unakhetsedwa mbali zonse ziwiri.

Pambuyo pache Boma linayenda, koma monga birimankhwe. Lamulo la 1928 linalola munthu kulipira lendi ndi ndalama, kapena ndi mbeu, kapena ndi nchito, nililetsa eni malo kupitikitsa anthu ochuluka nthawi imodzi. M'chaka cha 1946 Sir Sidney Abrahams analangiza Boma kuti ligule malo amene eni ache sanali kuwalima, liwabwezere kwa anthu. M'chaka cha 1953 ku Thyolo kunabuka chipolowe, anthu nafa. Thangata anatha ndi lamulo la 1962. Kuchokera pa chiweruzo cha Nunan kufikira pamenepo panapita zaka 59: mwana wobadwa chaka cha chiweruzocho anamera imvi asanaone kumasuka kwache. Akulu anati mlandu suola. Koma tiyenera kuonjezapo kuti eni mlandu amakalamba namwalira.

Za machona

Pamene ena anali pa thangata, ena anatuluka m'dziko kunka ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Joni. M'chaka cha 1935 Boma linaika bungwe lotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti lifufuze za ulendo umenewu, ndipo linapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndi kuti ambiri a iwo sanali kubweranso. M'midzi ina munatsala akazi, ana ndi nkhalamba zokha. Madenga anagwa wopanda wowafolera, minda nichepa. Chifukwa chache m'chaka cha 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anapangana ku Salisbury za kasungidwe ka anthu a paulendo ndi za kubwerera kwao. Ndipo opita ndi Wenela anali ndi lamulo lakuti gawo la malipiro ao lisungidwe, akalandirire kwao kuno.

Pa ichi nkhalamba ija inandiuza mau ondidabwitsa. Inati, "Nanenso ndinali kudandaula monga adandaulira achimwene aja. Ndinali kunena kuti ndalama nzanga, ndakumba mwala ndine, Boma lindigwirira chifukwa ninji? Koma anzanga amene analowa Joni mwa okha, nalandira zonse m'manja, ambiri anabwera ndi sutikesi yokha. Malata amene ndigonamo lero anachokera m'ndalama zimene ndinali kuzilirira zija." Apa tiphunzira kuti lamulo labwino silimanga bwana yekha, nthawi zina limanganso wanchito, ndipo onse awiri amalida poyamba.

Koma migodi inali ndi mtengo wina wosalembedwa pa tikiti. Ambiri anabwera ndi chifuwa cha fumbi la mwala, nadzatsokomola kufikira imfa m'manja mwa akazi ao. Mgodi unadya mphamvu zao, mudzi nusenza matenda ao. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo anthu a ku Malawi oposa 70 amene analikubwerera kwao anafa. Pomwepo Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo zikwi zambiri za amuna zinabwera kumudzi.

Thangata m'malaya atsopano

Zaka zomwezo minda ikulu ikulu ya fodya wa bale inalikufutukuka ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba, ndipo inafuna manja ambiri. Mabanja anachokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi ku Mangochi, kumene malo anachepa, nakhala matenanti. Kachitidwe kache kanali kotere. Mwini esiteti apatsa banja gawo la munda, mbeu, feteleza ndi phoso, zonsezo pa ngongole. Banja lilima chaka chathunthu osalandira malipiro. Fodya akauma, mwini esiteti amgula pa mtengo umene waika iye mwini, nachotsapo ngongole monga walembera iye mwini m'buku lache. Ena anatsala ndi kanthu ndithu, nabwerera kwao ndi njinga. Koma ena anatsala manja okha, ena natsala ndi ngongole imene inawamanga chaka china. Ndipo popeza pangano linali la bambo yekha pamene nchito inali ya nyumba yonse, mkazi ndi ana anagwira osawerengedwa.

Tamvani tsono, abale, chinthu chowawa. Eni minda iyi ambiri sanali alendo ochokera kutsidya kwa nyanja: anali ana a dziko lino, ena a iwo zidzukulu za anthu amene analira ndi thangata. Potero tizindikira kuti nthenda iyi siikhala m'khungu la munthu kapena m'mtundu wache. Ikhala paliponse pamene munthu mmodzi agwira munda, buku la ngongole ndi sikelo zonse pamodzi, wopanda womfunsa. Ngakhale munthu wa mtima wabwino, mukamuika pa malo otere zaka zambiri, mtima wache udzayamba kumpezera zifukwa. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene lamulo lifunikira.

Malamulo a masiku athu

Pamene dziko linalandira malamulo ache akulu atsopano m'chaka cha 1994, munalembedwa kuti munthu asakhale kapolo, asagwiritsidwe nchito yokakamiza kapena yomangika nayo monga kapolo, ndi kuti yense ayenera malipiro olungama ndi nchito yosaika moyo wache pachiswe. Pa tsinde limeneli panaphuka malamulo ena. La 1996 linatsimikiza ufulu wa anchito wa kupanga mabungwe ao ndi kukambirana za malipiro ali pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga; nilikhazikitsanso bwalo lapadera la milandu ya nchito. La 2000 linati munthu asagwire maora oposa 48 pa mlungu popanda malipiro apadera, ndipo akhale nalo tsiku la kupuma. Mwana wosafika zaka 14 asalembedwe nchito, ndi wosafika zaka 18 asapatsidwe nchito yoononga thupi lache kapena yomlepheretsa sukulu. Mkazi wobala apume milungu 8 alikulandirabe malipiro ache. Ndipo munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, kapena asanapatsidwe mpata wa kudziyankhira. Chaka chomwecho kunadza lamulo la chipukuta misozi kwa wobvulala pa nchito. M'chaka cha 2011 kunayamba lamulo la penshoni, lakuti bwana aziika magawo 10 pa 100 a malipiro, wanchito naika magawo 5, kusungira ukalamba. Ndipo m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti, kuti wolima m'munda wa mwini azilembedwa monga wanchito wa malipiro.

Mau a mlimi ayenera kumveka

Nditamfotokozera izi mlimi uja, sanagonje ai. Anati, "Inu mwawerenga malamulo, koma simunawerenge m'thumba mwanga. Ine ndalama ndimaziona kamodzi pa chaka, fodya akagulidwa ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Lamulo liti ndizilipira mwezi ndi mwezi; nanga m'mwezi wa Disembala ndizitenga kuti? Ogula akagwetsa mtengo, kapena akabweza mabelo anga, adzandilipira ine ndani? Mukandipanikiza ndidzaleka kulemba anthu, ndipo yemwe mufuna kumchinjiriza adzagona ndi njala."

Tisawapeputse mau awa, pakuti muli zoona. Lamulo silibala ndalama. Taonani zimene zinachitika ndi malipiro ochepetsetsa amene Boma limalamula. M'mwezi wa Januwale 2021 anaikidwa pa K50,000 pa mwezi, ndipo m'mwezi wa Febuluwale 2024 anakwezedwa kufika K90,000. Koma pakati pa zaka zimenezo Kwacha inagwa kawiri, ndipo m'mwezi wa Novembala 2023 mokha inatsika ndi magawo 44 pa 100. Kotero kuti chimene dzanja lina linapereka, mitengo ya m'sitolo inachilanda. Boma limene lilemba lamulo la malipiro, koma osasamala za mphamvu ya ndalama, za mitengo ya mbeu, za ngongole zofika kwa alimi pa nthawi yache, za miseu ndi magetsi, likhala ngati munthu wouza mkazi wache kuti aphike nsima yaikulu osampatsa ufa. Ndipo lamulo lopanda anthu oyendera minda ndi mafakitale likhala ngati choopsezera mbalame m'munda wa mapira: tsiku loyamba mbalame ziopa, tsiku lachitatu zitera pamutu pache. M'mwezi wa Januwale 2021 Boma linalengeza masomphenya a Malawi 2063, akuti dziko lidzilemeretse ndi ulimi wa malonda, mafakitale ndi mizinda. Cholinga nchabwino; koma chidzayesedwa ndi ichi, ngati mlimi wamng'ono adzapeza phindu lokwanira kuti alipire wanchito wache popanda kumnyenga.

Koma pamene mlimi uja alakwa ndi apa. Chaka chikaipa, wina ayenera kusenza chitayikocho. Funso ndi lakuti asenze ndani. Mwini munda ataya phindu la chaka, koma munda, chigafa ndi ng'ombe zitsala. Tenanti ataya chaka cha moyo wache, ndipo alibe chotsala. Kodi nchilungamo kuti katundu wolemera koposa aikidwe pamutu pa iye amene khosi lache ndi lowonda koposa? Ngati malonda sangaime koma pokhapokha munthu wina agwire osalipidwa, phindu la malondawo ndi malipiro a munthu uja, angosintha dzina. Ndiponso lamulo ndi bwenzi la bwana wolungama. Pakakhala popanda lamulo, iye amene alipira bwino agonja kwa mnansi wache amene agwiritsa ana, popeza fodya wa mnansiyo watuluka motsika mtengo. Ndipo pang'ono pang'ono onse akokeredwa pansi. Lamulo likamanga onse pamodzi, wolungama salangidwanso chifukwa cha chilungamo chache.

Chuma chimene chikhalitsa

Mlimi aliyense adziwa kuti pali njira ziwiri za kudzaza nkhokwe. Wina alima munda womwewo chaka ndi chaka osaupumiza, osathira manyowa, atentha mapesi, nadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Zaka zoyamba akolola koposa anzache, koma pambuyo pache nthaka ikokoloka, kaufiti namera, ndipo ana ache alandira mchenga. Wina asinthanitsa chimanga ndi mtedza kapena nandolo, akwirira mapesi, nasunga mbeu yabwino ngakhale njala ilikumluma. Chuma cha dziko chili chimodzimodzi, ndipo anthu ndiwo nthaka yache ndi mbeu yache.

Mwana amene achotsedwa m'sukulu kuti akathyole fodya aonjeza mabelo a chaka chino. Koma dziko ladya mbeu yache, pakuti mwanayo akanakhala mphunzitsi, mmisiri, kapena mlimi wodziwa kuwerenga pangano asanadindepo chala. Ndipo ngakhale thupi lache silituluka bwino, pakuti fodya wamuwisi, maka maka wonyowa ndi mame, ali ndi ululu, dzina lache nikotini, umene ulowa pakhungu nudwalitsa munthu mutu, chizungulire ndi mseru. Bambo amene athyoka msana asanafike zaka 50 asanduka katundu wa mudzi. Wanchito amene malipiro ache sakwanira ufa sangagule sopo, shuga kapena nsalu. Nanga mafakitale amene tiwafuna adzagulitsa kwa yani?

Ndipo masiku ano maiko ogula amayang'ana m'minda mwathu. Pa 1 Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pa madoko ache, chifukwa cha mbiri ya nchito yokakamiza ndi ya ana; ndipo makampani ogula fodya anayenera kuyamba aonetsa kuti fodya wao alibe banga limeneli, asanaloledwenso. Taonani, chimene ena anachiyesa njira ya kuchepetsa zolipira chinafuna kutseka msika wa dziko lonse, olakwa ndi osalakwa pamodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Inu amene muwerenga Malembo mudzakumbukira kuti chilamulo cha Mose chinaika zinthu ziwiri izi pamodzi: chinalamula kuti waganyu wosauka alandire zache tsiku lomwelo, ndipo chinalamulanso kuti munda upume chaka chachisanu ndi chiwiri. Nzeru yache ndi imodzi. Chimene chikudyetsa, kaya ndi munthu kaya ndi nthaka, usachifinye kufikira chiume. Chifukwa chache kusamala anchito ndi kukuza chuma sizili adani, monga ena aganizira. Ndizo ng'ombe ziwiri za goli limodzi, ndipo ina ikagwa ngolo siyenda.

Kumene Boma silifika

Tsopano nditembenukire kwa ife eni. Kafukufuku wa Boma wa m'chaka cha 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 ogwira nchito m'dziko lino, 89 anali pa nchito zosalembedwa m'mabuku: ganyu, ubusa wa ng'ombe, nchito za m'nyumba, malonda a m'mbali mwa mseu. Kumeneko woyendera nchito safika kawiri kawiri, ndipo bwana wa kumeneko si kampani ai. Ndi inu ndi ine. Nkwapafupi kukwiyira thangata wa ku Magomero, amene anatha kale. Nkobvuta kuyang'ana pakhomo pathu.

Tadzifunsani tsono. Mnyamata amene aweta ng'ombe zanu ali ndi zaka zingati, ndipo pamene ana anu ali m'sukulu iye ali kuti? Mtsikana amene munamtenga kumudzi kuti adzalere mwana wanu, ndi kulonjeza amache kuti mudzamphunzitsa, kodi waona khomo la sukulu? Waganyu amene anatsiriza ndime yache dzulo, mwamuuza kangati kuti abwere mawa? Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo kumbukirani kuti bwana wa lero akhoza kukhala waganyu wa chaka chamawa, pakuti mvula ikakana siyang'ana kukula kwa munda.

Kwa inunso anchito mau alipo. Lamulo silinadzere kuchinjiriza ulesi kapena kuba. Amene abisa feteleza wa bwana wache, kapena apalira pamwamba pokha nasiya mizu ya udzu, waswa pangano monga aliswera bwana wosalipira, ndipo apatsa mabwana oipa chonamizira. Gwirani mokhulupirika; koma dziwaninso zanu. Musanayambe nchito pemphani kuti malipiro ndi masiku zilembedwe pa pepala, pamaso pa mboni, ndipo inunso musunge lanu. Mukalakwiridwa musangodandaula m'chigafa: pitani kwa mfumu, pitani ku ofesi ya Leba imene ili pa boma panu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nanga tigamula bwanji mlandu wa akulu awiri aja? Nkhalamba inanena zoona, kuti njala ndi chingwe, ndipo chifukwa cha chingwe chimenecho Boma liyenera ndithu kuima pakati. Mlimi ananenanso zoona, kuti lamulo lokha silidzaza thumba, ndipo chifukwa chache Boma lili ndi mangawa kwa iyenso, a mtengo wolungama wa mbeu zache ndi a ndalama yosasungunuka m'manja. Koma mangawa a Boma kwa mlimi samasula mlimi ku mangawa ache kwa wanchito. Yense adzayankha za ndime yache.

Dzinja lilinkudza, abale, ndipo anthu adzafika pa makomo athu ndi makasu paphewa, m'maso muli gwa ndi njala. Pamenepo padzakhala palibe woyendera nchito, palibe woweruza, ndipo adzabvomera chilichonse chimene tidzanena. Tiwapatse malipiro amene tikanawapatsa nthawi ya masika, pamene anali ndi mphamvu ya kukana; ndipo tiwapatse tsiku lomwelo, kuti akaphikire ana ao usiku womwewo.